Pule ya pamwamba pa mlongoti

"Iwe na girisi yako, ufuna kutipayila amai?"

Anali asisi anga, akukuwa ataima pakhomo pa nyumba yathu ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo kaya anaisiya kuti. Ine ndinali nditangotsika minibasi kuchokera kugalaja komwe ndimakonza magalimoto, ovolosi ikadali m'thupi. Kumpanda anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pamulu wa mabuloko a aneba kuti aone bwino. M'komboni ndewu siitanirana, anthu amainunkhiza.

"Mukamba chani imwe?" ndinawafunsa. "Nachita chani?"

"Ngena uone! Ngena uone nchito yako, ba makanika!"

Ndinalowa. Amayi anali pampando wawo wa pazenera, mwendo atautambasulira pakasitulu, bondo litakulungidwa bandeji. Chigongono chinali chosupuka. Anali atawasambitsa kale, koma fungo la m'ngalande silichoka ndi sopo wa tsiku limodzi. Maso awo oyera aja, amene matenda a shuga anawazimitsa kalekale, anali atalozetsa kudenga, mutu atapendeketsa ngati munthu woyembekezera kuitanidwa.

Asisi ananditsatira, akulankhulira kumsana kwanga. Mayi wina wogulitsa makala ndiye anawapeza amayi atagwera m'ngalande kufupi ndi msewu waukulu wa Kafue, kutali ndi kwathu, mbali imene sanapiteko chichokereni maso. Anawazindikira, nayimbira asisi ku Matero.

"Mailo masana nibwela na motoka," anatero asisi, kunena za mawa lomwe. "Nibatenga. Apa sibazankalapo futi."

Mutu wanga unatentha pomwepo. Ine ndi munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinamenya beseni limene linali pakhomo, linauluka mpaka kukagunda mpanda, anthu aja n'kubwerera m'mbuyo.

"Simuzabatenga! Kumene kuja mubakhomela mu geti monga galu, kubaikila TV yamene sibaona? Girisi yanga yangena pati pa nkhani iyi?"

"Bafunse! Si aba? Bafunse weka!"

Amayi sanatembenuke. Analankhula motsitsa, m'Chichewa chawo chija chosasakaniza, chimene ife ana tinachitaya pamsewu.

"Atate ako asiya kuyankhula," anatero.

Atate anali atagona kumanda zaka zingapo.

Kuti izi zimveke ndiyenera kunena za boti.

Pabwalo pathu pali boti la thanga. Inde, ku Chawama, kumene madzi timachita kugula pampopi ndi chigubu. Ndi laling'ono, loti anthu awiri kapena atatu n'kukwanamo, lakhala pa matayala akale kumbali kwa nyumba, ndipo mlongoti wake ndi wautali kuposa denga lililonse mumzere wathu. Makondakitala a minibasi amadziwa. Ukati "pa boti" amakutsitsa pakona osafunsanso.

Atate anachokera ku Nkhotakota ali mnyamata, nazungulira m'mafamu ndi m'makhitchini mpaka anakafika ku Kariba, komwe anapeza ntchito yosamalira maboti a anthu opita kukasewera pamadzi. Bwana wawo womaliza pochoka m'dziko anawasiyira botilo. Munthu wanzeru akanaligulitsa komweko. Iwo analikweza pa lole yonyamula nsomba za kapenta, nabwera nalo mpaka kuno, naliimika mlongoti pabwalo ngati mawa lipita ulendo. Kenako anapeza ntchito ya ulonda m'tauni, ndipo ku Kariba sanabwererekonso.

Ubwana wanga wonse ndinalida boti limenelo. Kusukulu ankanditcha msodzi wa pafumbi. Dzino langa lakutsogolo ili linathyoka chifukwa cha dzina limenelo, ndipo amene anandithyola nayenso sanapite kwawo wathunthu.

Loweruka masana atate ankayala saka pansi pa mlongoti. Mlongotiwo umaima ndi mawaya atatu, awiri m'mbali, imodzi kutsogolo. Pansi pa waya iliyonse pali kachitsulo kobowola, kokhala ndi mabawuti mbali zonse ziwiri, kamene ukakapotokola waya imakungika kapena kukhwefuka. Atate ankatitchula kuti mabotolo. Palinso timashakolo, tizitsulo topindika tokhala ndi kabawuti kopingasa, tolumikizira waya ndi boti, ndi mapule oyendamo zingwe. Sankamasula zonse pamodzi. Ankayamba amanga chingwe m'malo mwa waya imodzi kuti mlongoti usagwe, n'kukulunga ulusi pabawuti kuti adziwe pamene botolo linalekezera, ndiyeno n'kumasula. Chilichonse ankachiviika m'palafini, n'kuchitsuka ndi mswachi wakale, n'kuchiyanika pasaka. Chikauma ankayendetsa chikhadabo m'mizere ya bawuti, maso atatsinzina, kufuna mng'alu. Waya ankaipititsa m'kansanza, ndipo kansanzako kakakodwa penapake ndiye kuti ulusi wa waya waduka.

Girisi wa kugalaja sankamufuna. Ankati amaitana fumbi, fumbilo n'kusanduka mchenga wodya chitsulo. Iwo ankagula mafuta a nkhosa kubutchala, amayi n'kuwasungunula m'kapoto kamene sikankagwira ntchito ina, n'kuwasefa pansalu kulowa m'chitini. Ankapaka ndi chala, pang'ono chabe, mzere uliwonse wa bawuti. Nyumba yonse inkanunkha nkhosa mpaka Lamlungu.

"Chitsulo chimene sumasula chimafa chomangika," ankandiuza choncho, ine nditagwira chitini, mtima uli ku mpira.

Akamaliza ankakoka waya iliyonse ndi chala n'kuisiya, khutu ali nalo pafupi. Za m'mbali ziwirizo zinayenera kulira mofanana. Zikasiyana ankabwerera pabotolo.

Boti limenelo linakhudza madzi kamodzi kokha chibwerereni. Chaka china mvula inakana kuleka, ngalande zinadzaza, madzi analowa m'mabwalo ndi m'nyumba. Ife tinali kalikiliki kukweza matilesi ndi matumba a ufa pathebulo. Nditasuzumira panja ndinaona boti lanyamuka pa matayala aja, likutembenuza mphuno pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodzuka. Atate anali ataima pambali pake, madzi akuda a m'zimbudzi ali m'mawondo, dzanja ataliika pamphepete pa boti. Sanakwere. Amayi anandikoka malaya nati ndiwasiye. Madzi ataphwa analibwezera pa matayala, natsuka chitsulo chilichonse kawiri.

Kulira kunayamba amayi atayamba kusaona bwino. Pamenepo n'kuti ine ndili pabanja ku komboni ya George, ndikubwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina ndikulowa pageti ndinamva kuchokera kumwamba: tswii, kenako chete, kenako tswii. Kumwamba kwa mlongoti kuli pule imodzi, yodutsamo chingwe chokwezera thanga. Atate anali atakwezako kachidutswa ka thanga lakale, chingwe n'kuchisiya chokhwefuka, moti mphepo ikakoka kansaluko pule inkagwedezeka n'kulira, chingwe n'kumamenya mlongoti, ngwe, ngwe.

"Atate, pule ija yauma," ndinatero.

"Ndamva," anayankha, osakweza mutu.

Mwezi wotsatira inali ikulirabe. Ndinati mumtima, nkhalamba yatha. Munthu amene sankalola ngakhale chitseko cha chimbudzi kulira, lero chitsulo chikukuwa pamutu pake iye ali phee. Ndinamva chisoni, ndipo chisoni mwa ine chimatuluka ngati ukali, choncho sindinafunsenso.

Anamwalira nyengo yozizira, osadwala nthawi yaitali. Banja langa nalo linali litatha, mkazi atatopa ndi mbale zouluka, ndipo ndinabwerera ku Chawama kukakhala m'kachipinda ka kumbali. Asisi anafuna kuti boti ligulitsidwe kwa anyamata a zitsulo zakutha, amayi apite ku Matero. Amayi anakana zonse ziwiri, osapereka chifukwa. Ku Matero ankapitako masiku ochepa akakhala ndi tsiku la kuchipatala, n'kubwerako atawonda. Nyumba ya asisi ndi yabwino, ya mpanda wa buloko ndi geti lachitsulo, koma onse amachoka m'mawa n'kukhoma. Ku Chawama amayi ankadziyendera okha ndi ndodo yawo: kupita pampopi kukacheza, kukantemba kukagula mchere, Lachinayi kumapemphero a amayi. Tinkadabwa tonse, n'kumati nkhalamba ili ndi mapu m'mapazi. Tsiku lopanda mphepo sankatuluka. Ankati, "Lero atate ako agona," ife n'kumaganiza kuti ndi kalankhulidwe ka amasiye.

Ntchito ya Loweruka ndinaitenga ine. Sindinganame kuti chinali chikondi. Ndinangoona dzimbiri likuyamba kutuluka pashakolo imodzi, thupi langa lonse n'kunyansidwa. Nditatsegula chitini cha mafuta ndinapeza mizere ya chala cha atate ikadali momwemo, itatu, yakuya, mafuta atauma mozungulira. Ndinatseka. Ndinakatenga mpweya kuseri kwa nyumba, ndinabwerera, n'kuyamba kutapa m'mphepete, kuizemba mizereyo. Ndinatapa m'mphepete miyezi yambiri mpaka panalibenso pozembera.

Za pansi zokha ndi zimene ndinkasamala. Kugwetsa mlongoti kumafuna anthu, ndipo ine kupempha anthu kumandivuta. Pule ya pamwamba inapitiriza kulira. Usiku, usana, makamaka mwezi wa mphepo pamene fumbi limalowa mpaka m'mano. Nthawi zina ndili pansi pa galimoto kugalaja, kutali ndi Chawama, ndinkaimva m'khutu, n'kutulutsa mutu kuyang'ana kumwamba.

Ndiyeno kunyumba yoyandikana nafe kunalowa mlendi watsopano, mwamuna wogwira ntchito usiku kubekale, wogona masana. Sanachedwe kuyamba.

"Ba makanika, chija chinthu chanu chilila monga mfiti. Simukwanisa kuchikonza? Olo tibaitane ba makanika ba zoona?"

Ananena zimenezi pa bala, anthu ali tcheru. Anaseka onse. Wina anawonjeza kuti mwina ndi ndege ya usiku, ikulira kufuna mafuta. Ndinatsala pang'ono kuphwanya botolo pamutu pa munthu, koma chimene chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona. Chitsulo cholira ndi chitsulo chimene chikudyeka. Aliyense wogwira sipanala amadziwa.

Amayi atapita ku Matero kukaonana ndi adokotala, ndinaitana amuna awiri, tinamasula waya ya kutsogolo, n'kuugoneka mlongoti pang'onopang'ono mpaka nsonga yake inatsamira pampanda. Kanali koyamba kuiona pule ija pafupi chikulire changa. Inali youma gwa, kapini kake katayamba kudyeka mbali imodzi. Pakati pa gudumu ndi chitsulo cha m'mbali panali kachidutswa ka chitini, kodulidwa mozungulira ngati washa, kopindika pang'ono, kakuda ndi ukalamba. Ndinatukwana. Ndinati ndani anaika zinyalala izi muno, n'kukaponya kudzala. Ndinatsuka zonse, ndinasintha kapini, ndinapaka girisi wabuluu wa kugalaja, wabwino, wosachoka ndi mvula. Kansalu kaja ndinakatsitsa, chingwe n'kuchikunga kutali ndi mlongoti. Titauimikanso, mphepo inawomba, ndipo kumwamba kunali zii. Mlendi uja anandigulira mowa.

Ntchito imeneyo inali yabwino. Mpaka lero ndikunena kuti inali yabwino. Mukanaitana makanika aliyense mu Lusaka akanachita chimodzimodzi.

Amayi atabwerako anaima pageti nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Kuli mphepo?" anafunsa.

"Yambiri. Simukuimva kumaso?"

Analowa m'nyumba akupapasa khoma, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Masiku otsatira sanatuluke. Ndinkati ndi kutopa kwa ulendo. Lachinayi anavala zoyera zawo, anzawo anadzawatenga, ndipo pobwerera anawaperekeza mpaka pampopi monga mwa nthawi zonse, chifukwa kuyambira pamenepo amayi sankalola kugwiridwa dzanja. Limenelo ndilo tsiku limene ndinapeza asisi akukuwa pakhomo.

Tinakangana mpaka mawu anasasa. Asisi anandikumbutsa za mkazi wanga, ine ndinawakumbutsa za geti lawo. Anapeza nsapato yawo pansi pa mpando, anapsompsona amayi pachipumi, nabwereza kuti mailo masana, kenako anapita kukakwera basi dzuwa lisanalowe. Anthu a kumpanda anabalalika mokhumudwa poona kuti magazi sanatuluke.

Ndinatola beseni lija, linali litaphwanyika mbali imodzi. Ndinalowa, n'kukhala pansi pafupi ndi kasitulu.

"Amayi, ndiuzeni bwinobwino. Atate asiya bwanji kuyankhula?"

Amayi anatembenuzira khutu kuzenera.

"Ndikafika pampopi ndimaima," anatero. "Ndimadikira. Akayankhula, ndimatembenukira komweko n'kuyenda. Akakhala kukhutu ili ndiye kuti ndikupita kutchalitchi. Akakhala kukhutu ili ndikupita kukantemba. Akakhala pamphumi ndikubwera kunyumba. Akafika pamwamba pa mutu ndimatambasula dzanja, geti ili."

"Pule?"

"Iwe umati pule."

Anandiuza mmene zinayambira. Maso atayamba kuchita nkhungu, amayi analeka kutuluka, n'kumangolira m'chipinda. Atate sanawatonthoze, sanali munthu wa mawu otero. Anagwetsa mlongoti okha ine kulibe, napukuta mafuta onse m'pule, nayamba kudula tizitini. Ankaika kamodzi, n'kuimika mlongoti, n'kupita ndi amayi pampopi kukamvetsera. Kena kankalira motsika, n'kumira m'phokoso la chigayo. Kena kankafanana ndi mbalame. Anagwetsa ndi kuimika, kugwetsa ndi kuimika, mpaka anapeza kamene mawu ake ankaboola chigayo, wailesi za m'mabala ndi ana a sukulu. Kenako anayamba kuwayendetsa. Ankayenda kumbuyo kwawo osawagwira, osalankhula. Amayi akalakwitsa njira ankawasiya mpaka adzizindikire okha. Tsiku lina amayi atafika pageti anatembenuka kuti anene kuti ndafika, n'kupeza kuti kumbuyo kulibe munthu. Atate anali atakhala pasaka pansi pa mlongoti, akutsuka mashakolo.

"Nanga bwanji simunandiuze?" Mawu anga anali atakwera kale. "Zaka zonsezi! Ndikanadziwa bwanji ine? Ndine mlosi?"

"Tsitsa mawu, bondo likundipweteka." Anakonza chitenje pamwendo. "Ndikanakuuza iwe, ukanakamba pa bala. Mlongo wako akanamva kuti amake akuyenda m'komboni potsatira kachitsulo, akanabwera ndi galimoto chaka chomwecho. Ndipo iwe umauzika? Munthu woyamba kuponya sipanala asanamve mapeto a nkhani?"

Ndinafunsa china.

"Nanga kumsewu wa Kafue munakatani? Mukanaima pampopi pomwepo, munthu akanakuperekezani."

"Ndinaima. Ndinaima nthawi yaitali. Kenako ndinawamva."

"Munamva chiyani? Pule sikulira."

"Ndinawamva. Osati mbali ya kunyumba, mbali inayo. Tswii. Ndinatembenuka, ndinayenda. Ndikati ndayandikira, ali patsogolo. Ndikaima, nawonso aima. Ndikayenda, tswii, patsogolo. Ndinadziwa kuti si njira ya kunyumba, mapazi anandiuza, pansi panali miyala imene sindiidziwa. Koma ndinati kapena asamuka. Ndinati kapena lero abwera kudzanditenga."

Tsitsi linandiimirira. Ndinakalipa kuti ndilikhazike pansi.

"Inali wilibala imeneyo! Anyamata a makala aja mawilibala awo sapaka mafuta. Munkatsatira wilibala!"

"Kapena," anatero amayi. "Sindinaione."

Ndinatuluka. Dzuwa linali likulowa, mphepo ikuwomba ndithu, mapepala a pulasitiki akuuluka kukakodwa pamawaya a magetsi. Ndinapita kudzala. Zinyalala ndinali nditaziwotcha masiku apitawo, koma ndinafukula phulusa ndi kamtengo, kenako ndi manja. Ndinapeza misomali, zitsekerero za mabotolo, supuni yopanda chogwirira. Kachitini kaja sindinakapeze.

Ndinaimirira n'kuyang'ana mlongoti. Unali wowongoka, mawaya ali nga, chitsulo chilichonse chikunyezimira. Sunaonekepo bwino chotero. Pamaliro a atate sindinalire, ndinali wotanganidwa kukangana ndi anthu a bokosi. Zaka zonse zotsatira ndinkalowa pageti, chinthu chija n'kulira kumwamba, ine n'kutukwana, n'kulowa m'nyumba, ndipo sindinamvepo kuti pabwalopo pachoka munthu. Madzulo amenewo ndi pamene ndinamva. Bwalo linali lopanda mwini. Boti linali chabe chinthu chakale chokhala pa matayala.

Ndipo mutu wa umakanika sunasiye kugwira ntchito. Unkandiuza kuti pule youma idzadya kapini, kapini kadzaduka, tsiku lina gudumu lidzagwera pamutu pa munthu. Unkandiuzanso kuti mayi wosaona amene wagwera kale m'ngalande kamodzi, malo ake ndi kuseri kwa geti lokhoma, ndipo asisi sanali kulakwa. Pamene ndinalowa kukawapatsa amayi tiyi ndinawapeza atatulutsa zovala zawo m'kabati, akuzipinda pamiyendo chimodzichimodzi. Sanadandaule. Ankangopinda, n'kusalaza ndi chikhatho, n'kuika pambali. Zoyera za Lachinayi anaziika padera.

"Izi ukapatse amayi a nyumba ya kuseri," anatero. "Kumene kuja sindidzazivala."

Ndinawalanda, n'kuzibwezera m'kabati, n'kumenyetsa chitseko chake mpaka galasi linanjenjemera.

Kutacha sindinapite kugalaja. Ndinakagogoda kwa mlendi uja, n'kumupeza atangofika kuchokera kubekale, ufa uli m'nsidze.

"Bwela ugwile nthambo."

"Ba makanika, nifuna kugona ine."

"Uzagona ukafa. Bwela."

Anayang'ana nkhope yanga, navala nsapato. Tinaugoneka mlongoti pampanda. Ndinamasula pule, ndinaiviika m'palafini, n'kuchotsa girisi yense ndi mswachi mpaka chitsulo chinachita kukhakhala m'zala. Mtima unkandiwawa pochita zimenezo, monga kung'amba malaya atsopano. Ndinasonkhanitsa zitini zimene ndinapeza m'nyumba ndi kwa aneba: cha nsomba, cha polishi wa nsapato, cha mkaka, chitsekerero cha chitini cha penti. Ndinadula timawasha ndi sizasi ya malata, n'kutiboola ndi msomali, n'kutipinda pang'ono monga ndinkakumbukirira.

Ndinawanyamula amayi ndi mpando womwe, n'kuwakhazika pabwalo. Ndinaika ka chitini cha nsomba, ndinadutsitsa chingwe, n'kukoka uku ndi uku.

"Ayi," anatero. "Ameneyo ndi khoswe."

Ndinaika ka mkaka.

"Ameneyo ali ndi chimfine."

Mlendi uja anaseka, ndinamuyang'ana, analeka. Ka penti kanali kokhuthala, gudumu linakana kuzungulira. Ndinakaponya kutali, kanakagwera padenga la eni ake. Ka polishi kanalira mokwera, mobaya m'mano. Amayi anapendeketsa mutu.

"Pinda pang'ono."

Ndinapinda ndi pulayala, n'kukokanso.

"Wapyoza. Bweza."

Ndinabweza. Ndinakoka. Anamvetsera.

"Si iwowo," anatero.

"Ndidule kena?"

"Si iwowo, ndipo sadzakhala iwowo. Koma imika timve."

Ndinamangirira kansalu ka thanga kaja, chingwe n'kuchisiya chokhwefuka. Tinaukankha mlongoti, mlendi akukoka waya ya kutsogolo, ine ndili pansi pake ndi phewa, mpaka unaima. Ndinalowetsa kabawuti m'shakolo, n'kupotokola botolo pang'ono kuti ugwire. Ndiyeno ndinawabereka amayi kumsana, mwendo wa bandeji uli lende, mlendi akutitsatira ndi mpando pamutu. Anali opepuka ngati mtolo wa zovala. Azimayi a pampopi anasiya zigubu zikusefukira n'kumatiyang'ana. Mmodzi anayamba kufunsa, ndinamuuza kuti atseke pakamwa ndi mpopi womwe.

Ndinawakhazika pampando, n'kuuzunguza kangapo kuti asadziwe kumene tachokera. Chigayo chinali chitayamba kale. Mphepo inali itagona. Tinadikira, ine, amayi, mlendi ndi azimayi aja, tonse chete ngati m'tchalitchi. Kenako fumbi linanyamuka pansi, mapepala anayamba kuthamanga.

Ine sindinamve kanthu. Amayi anakweza dzanja, chala chinayendayenda m'mwamba, chinapitirira, chinabwerera, n'kuima. Ndinatsatira chalacho ndi maso kudutsa madenga, mpaka pansonga ya mlongoti.

"Ndi waukali," anatero. "Ndiyenera kumuzolowera."

Ndinamuuza mlendi kuti awayang'anire, ine n'kubwerera kunyumba. Ndinatulutsa m'chikwama zovala zawo zonse zimene anapinda n'kulongedza, ndinazibwezera m'kabati, chikwama n'kuchiponya pamwamba pa denga la chimbudzi pomwe asisi sangafikire. Ndinadula timapini tina tiwiri tosinthira kaja kakadyeka, n'kutipachika pamsomali. Kenako ndinayala saka pansi pa mlongoti, ndinakhala moyang'ana geti, n'kuyamba kukunga mabotolo a m'mbali, kukoka waya ndi chala, kumvetsera, kupotokolanso.